Sukulu ya magnet yophatikiza maphunziro: mwana adzadziwadi masamu?

Mayi wina wa ku South Bend, Indiana, ku America, wanditumizira imelo. Mwana wawo wapeza malo pasukulu ya magnet (sukulu ya boma yokhala ndi mutu wapadera wa maphunziro, yolandira ana a m'madera osiyanasiyana) kudzera m'maere, koma amva kuti kumeneko masamu, sayansi ndi Chingerezi amaziphunzitsa pamodzi, potsata mutu umodzi. Nkhawa yawo ndi masamu.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Wanga ali mugiredi 3 pasukulu yotereyi, teremu yonse mutu unali madzi. Anadula botolo la pulasitiki, kulilemba masentimita m'mbali, n'kuliika pakhonde kuti aziyeza mvula. Manambalawo anajambula nawo girafu, kenako kalasi yonse inalemba kalata yodandaula za ngalande yotsekeka pafupi ndi geti. Ife amene tinakula belu likulekanitsa masamu ndi Chichewa, zoterezi timangosirira. Komatu tsiku lina nditamufunsa 7 kuchulukitsa ndi 8, ndinaona zala zikuyenda pansi pa tebulo. Mtima unandiwawa. Mphunzitsi wake anati matebulo ochulukitsa abwera okha. Sanabwere. Tinachita kuwakhalira pansi madzulo aliwonse.

Ndiye ine sindibisa mawu: kuwerenga ndi matebulo zimafuna nthawi yakeyake tsiku lililonse. Botolo lija linapatsa mwana chifukwa chokondera manambala, koma 56 sangatuluke m'botolo. Sukulu yokana zimenezi ikulakwira ana, makamaka amene makolo awo amagwira ntchito usiku ndipo alibe wowakhalira pansi.

Chimandinyansanso n'chakuti anthu aiwala kumene sukuluzi zinachokera. Mu 1954 khoti lalikulu la America linaletsa kupatula ana m'sukulu potengera khungu, pa mlandu wa Brown v. Board of Education. Sukulu za McCarver ku Tacoma mu 1968 ndi Trotter ku Boston mu 1969 zinali m'gulu la magnet zoyamba. Mutu wapaderawo unali nyambo yokopa makolo akuda ndi azungu kuti atumize ana malo amodzi mosakakamizidwa. Lero ena akungotsatsa maroboti ndi zoimbaimba, osanenako kuti m'kalasimo muli ana a yani.

Nanga mutani?

Malowo musawataye. Koma pitani mukaone ndandanda ya tsiku, mufunse kuti masamu paokha amatenga mphindi zingati, ndiponso mwana wotsalira pa kuwerenga amamuthandiza bwanji. Mufunsenso za basi, chifukwa magnet nthawi zambiri imakhala kutali ndi kunyumba.