Funsani Tikuyankheni: Kodi mitundu ya utawaleza imasinthana malo?

FUNSO: Akonzi, madzulo ena mvula itangokata tinaona mautawaleza awiri kum'mawa, chakumapiri a Bembeke, wina pamwamba pa unzake. Mwana wanga akuti wapamwambawo mitundu yake inali yozondoka, koma ine ndinamutsutsa. Kodi mitunduyi ili ndi malo okhazikika? — Mayi wa ku Dedza boma

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo anaona bwino. Pa utawaleza wam'munsi, womwe umawala kwambiri, mitundu imatsatizana chimodzimodzi nthawi zonse: kunja kwenikweni kumakhala wofiira, kenako wa olenji, wachikasu, wobiriwira, wabuluu, wabuluu wodera, ndipo mkati mwenimweni wapepo.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma muli mitundu yonseyi. Kukalowa m'dontho la mvula kumakhota, kumagunda kumbuyo kwa dontholo n'kubwerera, kenako kumakhotanso potuluka, ndipo popeza wofiira umakhota pang'ono pomwe wapepo umakhota kwambiri, mitunduyo imatuluka itasiyana njira. Wofiira umaoneka pa madigiri pafupifupi 42 kuchokera pamthunzi wa mutu wanu, wapepo pa madigiri 40. N'chifukwa chake dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwanu komanso litatsika. Likakhala paliwombo musavutike n'kuufunafuna.

Wapamwambawo umabwera pamene kuwala kwagunda kawiri mkati mwa dontho kusanatuluke. Kugunda kwachiwiriko ndiko kumatembenuza mitundu, kotero kuti wofiira umakhala mkati, pa madigiri pafupifupi 50, wapepo kunja, pafupifupi 53. Umaoneka wozilala chifukwa pogunda paliponse kuwala kwina kumatulukira kumbuyo kwa dontho. Mukadzawaonanso mudzayang'anitsitse pakati pa awiriwo, mudzapeza kuti thambo lada kuposa mbali zina.

Zakuti mitunduyi ndi 7 zinachokera kwa Isaac Newton wa ku England, amene cha mu 1666 anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la makona atatu. Poyamba anawerenga mitundu 5, kenako anawonjezera wa olenji ndi wabuluu wodera pofuna kuti ifanane ndi manotsi 7 a nyimbo. Kunena zoona, mitunduyi imalowerana popanda malire, ndipo anthu ambiri satha kusiyanitsa wabuluu woderawo ndi oyandikana nawo. Choncho mwana akawerenga kumwambako n'kupeza 6 musamudzudzule, ngakhale kuti pamayeso ayenera kulemba yonse 7, kuyambira wofiira.