Mukamuchotsa, apita kuti?

Achimwene, imelo yanu yandigonetsa mochedwa. Mwati muli abambo 9 pagulu lothandizana kusiya mowa, inu ndinu wapampando, ndipo mmodzi wagwa kawiri mwezi uno. Ena akuti achoke asanakokere anzake kubala, ena akuti asiyidwe. Mukufunsa kuti mumvere ati.

Ndiulule msanga: munthu woteroyo ndinakhalapo ine.

Ndinamwa zaka zoposa 10. Nthawi ya masacheti, aja boma linadzaletsa mu 2015, ndinkayenda nawo m'thumba la jekete ngati maswiti, kung'amba ndi mano podikira minibasi, kupukuta pakamwa, basi ulendo wa kuntchito. Nditatopa ndinalowa gulu lina lomwe linkakumana Lamlungu madzulo m'kalasi ya ana, tonse titakhala pa timabenchi, mawondo kufuna kugunda chibwano. Wapampando wathu anali mphunzitsi wopuma, munthu wabwino ndithu, koma malamulo ankawakonda kuposa nsima. Anali ndi kope lachikuto chakuda. Kuchedwa, chindapusa. Kudula mnzako mawu, chindapusa. Kugwa katatu, kunja.

Ndinakhala miyezi 5 osalawa. Kenako malume anamwalira. Usiku pasiwa, amuna tili pamoto panja, botolo la kachasu linkayenda dzanja ndi dzanja, ndipo litafika kwa ine sindinalipatsire. Sabata yotsatira ndinamwanso chifukwa cha manyazi a kumwa koyambako. Kachitatu sindikumbuka n'komwe chifukwa chake. Lamlungu lake bambo aja anatsegula kope, nkundiwerengera lamulo mofatsa ngati akuwerenga mayina a ana olephera mayeso, anzanga maso ali pansi. Ndinatuluka. Kuchoka pasukulupo kukafika kwathu, njira inkadutsa pa mashabini atatu. Kunyumba ndinafika Lachiwiri.

Apa ndipatuke pang'ono. Mayi akunyumba ali m'banki mkhonde, ndipo kumeneko chindapusa sinditsutsana nacho. Ndalama zili m'bokosimo n'za onse, wosabweza ngongole wadya za anzake. Vuto n'lakuti ife tikayambitsa gulu lililonse, kaya la kwaya kaya la mpira, timathamangira kusankha wapampando, mlembi, msungichuma ndi wosungitsa mwambo, kenako wosungitsa mwamboyo amayamba kufunafuna woti amulange. Nanga mnzanu amene wagwayo wakudyerani chiyani?

Mkangano wanuwu si wachilendo. Bungwe la Alcoholics Anonymous, lothandizana kusiya mowa, linayamba mu 1935 ku Akron, Ohio, m'dziko la America, atakumana Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith, onse awiri zidakwa zotheratu. Wilson mwiniyo anagonekedwa m'chipatala kangapo ku New York asanaleke mu December 1934. Magulu awo oyambirira nawonso anadzipangira malamulo a yemwe angalowe ndi yemwe asalowe, chifukwa cha mantha omwewa. Atasonkhanitsa malamulo onsewo pamodzi anaona kuti akanati awatsate, pafupifupi aliyense akanatsala panja. Mu 1950 ku Cleveland anavomereza miyambo 12 yoyendetsera magulu, ndipo wachitatu umati chofunika kuti munthu akhale membala n'chimodzi: kufuna kusiya kumwa. Wachiwiri umati atsogoleri awo ndi otumikira, salamulira.

Poyamba kulemba ndimafuna kunena kuti mbali zonse zili ndi mfundo, koma ayi, ndikanakunamizani. Mantha a anzanuwo ndikuwamvetsa, munthu amene wangotha milungu itatu osamwa fungo lokha limamuzunguza. Koma gulu la osiya mowa lothamangitsa womwa lili ngati chipatala chobweza wodwala pageti ati wabwera akudwala. Ndipo ndaonapo kuti amene amakuwa kwambiri kuti "achoke" nthawi zambiri ndi amene botolo likumuitana usiku. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwa anthu amene anayang'ana pansi tsiku lija, awiri ndinadzakumana nawo pashabini yomwe ija chaka chisanathe.

Nanga muchite chiyani?

Musamuchotse. Akabwera ataledzera akhale kumbuyo, amvetsere, asalankhule tsikulo, ndipo wina amuperekeze mpaka pakhomo. Woyenera kuimitsidwa ndi wobwera ndi botolo pamsonkhano, woopseza anzake, ndi wotulutsa nkhani za m'gulu kukazinena kumsika. Mpandowo muzisinthana miyezi ingapo iliyonse, inunso mupumeko. Ndipo akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kuona zinthu zomwe palibe pamene wangosiya, thamangirani naye kuchipatala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumatha kupha munthu wozolowera kumwa kwambiri.

Ine amene anandibweza anali kalipentala wina wa m'gulu lomwelo. Ankabwera Loweruka lililonse m'mawa ati ndikamugwirire matabwa, nkhani ya mowa osaitchula ngakhale kamodzi. Mashelefu a m'khitchini mwathu tinakhoma nthawi imeneyo, ena n'opendama mpaka pano.