Thaddeus Stevens: mphunzitsi amene anakhala loya osapita ku sukulu ya zamalamulo

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera imelo. Akuti akamawerenga mbiri za aphungu akale a ku America amapeza mawu ofanana: anayamba uphunzitsi, kenako uloya, kenako Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Ndiye akufunsa kuti zinkatheka bwanji, poti sukulu ya zamalamulo sitchulidwa paliponse.

Zikomo pofunsa. Nthawi imeneyo maloya ambiri sankapita ku sukulu yotere. Munthu ankapeza loya wodziwika womulola kukhala mu ofesi yake, n'kumakopera makalata a milandu pamanja, kuwerenga mabuku monga a Blackstone, katswiri wa malamulo wa ku England, kenako n'kukaonekera pamaso pa oweruza kuti amufunse mafunso apakamwa. Uphunzitsi unali wopezera ya chakudya ndi lendi pa zaka zimenezo.

Thaddeus Stevens ndi chitsanzo chabwino. Anabadwa mu 1792 ku Danville, m'boma la Vermont, m'banja losauka, ali ndi phazi lopindika. Atamaliza ku Dartmouth College mu 1814 anapita ku York, ku Pennsylvania, kumene masana ankaphunzitsa ana, usiku n'kumawerenga malamulo. Apa m'pamene njirayi inkavutira: maloya a ku York anali ndi lamulo loletsa munthu amene ankagwira ntchito ina pophunzira kukhala loya kumeneko. Chipata chinali m'manja mwa omwe ankaopa kupikisana naye. Stevens anawolokera ku Bel Air, ku Maryland, anakhoza mayeso a uloya kumeneko mu 1816, n'kukatsegula ofesi ku Gettysburg.

Pali chilema m'mbiri yake chimene sitiyenera kubisa. Mu 1821 anaimira mwini akapolo pa mlandu wa mayi wina, Charity Butler, amene ankafuna ufulu wake ndi wa ana ake. Stevens anapambana, mayiyo anakhalabe kapolo. Pambuyo pake anasanduka mdani woopsa wa ukapolo, ndipo ambiri othawa ankawaimira kwaulere.

Kwa ife, chimene chimasonyeza kuti uphunzitsi sunamuchoke ndi cha mu 1835. Pennsylvania inali itakhazikitsa sukulu zaulere mu 1834, koma olipira msonkho anakwiya, ndipo Senate, nyumba yapamwamba ya malamulo ya bomalo, inavota kuti lamulolo lichotsedwe. Kubwerera kwakale kunkatanthauza kuti kholo lizilembetsa kaye kuti ndi mmphawi mwana asanaphunzire ulere. Tangoganizani bambo ataima pamaso pa akuluakulu a m'dera kuvomera umphawi kuti mwana wake adziwe kulemba dzina. Pa 11 April Stevens, amene anali phungu m'nyumba ina ya malamulo ya bomalo, anayankhula motsutsa manyazi amenewa, ndipo lamulo la sukulu zaulere linapulumuka.

Ngongole za ng'anjo zake zosungunulira chitsulo zinamusamutsira ku Lancaster mu 1842. Kumeneko anamusankha kukhala phungu wa Congress kuyambira 1849 mpaka 1853, kenako kuyambira 1859 mpaka imfa yake. Kumbukirani kuti phungu wa House, nyumba ya Congress imene iye anali, amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, choncho ankabwerera kwa ovota pafupipafupi. Pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa maboma a kumpoto ndi a kumwera anatsogolera komiti ya Ways and Means, yoona za misonkho ndi ndalama za nkhondo. Mu 1863 asilikali a kumwera anawotcha fakitale yake ya chitsulo ya Caledonia.

Anamenyera kusintha kwa nambala 13 ndi 14 kwa malamulo oyendetsera dziko, kothetsa ukapolo ndi kopereka unzika. Ganizo lake loti banja lililonse la akapolo omasulidwa lipatsidwe maekala 40 a minda ya eni akapolo linakanidwa ndi anzake omwe, poopa kukhudza chuma cha anthu. Mlandu wochotsa Pulezidenti Andrew Johnson mu 1868, umene Stevens ankaulimbikitsa, nawonso unalephera: pankafunika mavoti 36 mu Senate, anapezeka 35.

Anamwalira pa 11 August 1868. Anali atasankha yekha manda a Shreiner ku Lancaster, chifukwa ankalandira akuda ndi azungu omwe, ndipo chifukwa chimenechi anachilembetsa pa mwala wa manda ake.