Musatenge ngongole kuti muwonjezere mphamvu za Golf GTI yanu

Funso: Alangizi, ndine bambo wa zaka 31, ndili pabanja ndipo ndimagwira ntchito pakampani ina mu Lilongwe. Chaka chatha ndinagula Volkswagen Golf GTI ya 2010 yochokera ku Japan, ya giyabokisi yosintha yokha magiya yotchedwa DSG, ndipo pano yayenda makilomita 128,000. Oyilo, mapulagi ndi mabuleki ndimasintha ndekha pakhomo. Tsopano ndikufuna kusinthitsa pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti iwonjezere mphamvu, kutsitsa galimotoyo pang'ono, kuika malimu a mainchesi 19 komanso ekizozi yolira. Zonsezi zikufuna K4,000,000, ndipo banki yavomera kundibwereka kuti ndibweze m'miyezi 24. Anzanga akuti ndalamazi ndidzazipeza pogulitsa galimotoyi, komanso kuti ndikhoza kuyamba kukonzera ena n'kumapeza kangachepe. Kodi ndiitenge ngongoleyi? — Wowerenga wa ku Area 25

Yankho: Achimwene, ngongole imeneyi musaitenge. Luso lanu logwira sipanala ndi chuma chimene eni ake a GTI ambiri alibe, ndipo palibe cholakwa kuti munthu amene amagwira ntchito azisangalala ndi galimoto yake, koma kulipira chiwongoladzanja pa zinthu zimene zimayamba kutsika mtengo tsiku lomwe mwazimanga n'kudzimangirira goli pachabe.

Tiyambe ndi masamu. Simunatchule chiwongoladzanja chimene banki yakuuzani, choncho tiyerekeze kuti ndi 35 peresenti pachaka, chomwe sichingadabwitse munthu pa ngongole zamtundu umenewu, poti chiwongoladzanja cha Reserve Bank of Malawi chinakwezedwa kufika pa 26 peresenti mu 2024 ndipo mabanki amaonjezera zawo pamwamba. Pa K4,000,000 m'miyezi 24 muzidulidwa pafupifupi K234,000 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza pafupifupi K5,600,000. Ndiye kuti K1,600,000 yapita kubanki, tisanawerengere ndalama yokonzera mapepala a ngongole ndi inshuwalansi yake. M'miyezi yonseyo galimoto idzakhala ikufunabe petulo, matayala, COF (chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi yakeyake, pamene malipiro anu akufika m'manja atadulidwa kale.

Zoti ndalamazi mudzazipeza pogulitsa, anzanuwo akukunamizani mosadziwa. Anthu ambiri ogula galimoto kuno amafuna Vitz, Sienta, Demio kapena Mira, chifukwa funso lawo loyamba ndi lakuti imamwa bwanji. Ofuna GTI ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo amene ali ndi ndalama m'manja amaopa kwambiri galimoto imene yaseweretsedwa. Akamva ekizozi ikubangula n'kuona galimoto itatsika, m'mutu mwawo mumabwera chithunzi cha mwini wake akuithamangitsa usiku, ndipo amayamba kunenerera mtengo kapena kungobwerera. Chimene chimakweza mtengo wa galimoto ngati yanuyi ndi kabuku ndi malisiti oonetsa kuti oyilo ankasinthidwa pa nthawi yake ndipo zofooka zake zodziwika zinakonzedwa. Ngati tsiku lina mudzasinthe chilichonse, chipangizo chimene mwachotsacho mudzachisunge, kuti pogulitsa mudzabwezeretse galimoto mmene inalili, zoonjezerazo n'kuzigulitsa pazokha.

Tsopano ku zofookazo, chifukwa apa ndi pamene ndalama zanu zikufunika msanga. GTI ya 2010 ili m'gulu la Mk6, injini yake ndi 2.0 TSI ya banja la EA888, ndipo inatuluka kufakitale ndi mphamvu ya 155 kW ndi mphamvu yopotokola ya 280 Nm. Injini imeneyi imayendera tcheni osati lamba, ndipo pa magalimoto a zaka zoyambirirazi kachipangizo kamene kamakunga tchenicho kamadziwika kuti kamalephera. Kakalephera, tcheni chimadumpha mano, kawirikawiri poliza injini m'mawa, ndipo mapisitoni amamenya mavalavu. Galimoto imene dzulo inali bwinobwino imasanduka yofuna kuphwasula injini kapena kugula ina. Volkswagen inatulutsa kachipangizo katsopano kolimba, ndipo makaniko wodziwa injini zimenezi akhoza kuona kamene kali mwanu pochotsa kachitseko kakang'ono ka pachivundikiro cha tcheni. Ngati kali kakale, kusintha kameneka pamodzi ndi tcheni chake ndiye ntchito yoyamba, ndipo ikuposa chilichonse chimene mwalemba m'kalata yanu.

Chachiwiri ndi giyabokisi. DSG ya magiya 6 imene ili mu GTI imeneyi ili ndi makalachi oviikidwa mu oyilo, ndipo oyilo wake pamodzi ndi fyuluta zimayenera kusinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse. Inu mwadutsa 120,000, ndiye kuti kusintha kwachiwiri kwakwana kale, ndipo ngati mulibe pepala lochokera ku Japan loonetsa kuti koyamba kunachitika, ganizani ngati kuti sikunachitike. Palinso pampu ya madzi, imene nyumba yake ndi yapulasitiki ndipo imakonda kudontha, makoyilo amene amafa limodzilimodzi, ndiponso mwaye umene umaunjikana pa mavalavu olowetsa mpweya chifukwa injiniyi imapopera petulo mwachindunji mu silinda, moti palibe chimene chimawatsuka mavalavuwo. Zonsezi si zachilendo pa galimoto ya msinkhu umenewu. Vuto lake ndi lakuti masipeya ake amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, pamwamba pa kugwetsedwa kwa 25 peresenti kwa mu May 2022, ndipo aliyense amene amaoda katundu ku Johannesburg kapena ku Japan akudziwa kuti wogulitsa masipeya sawerengera mtengo wa dola wa kubanki. Onjezeranipo msonkho wa MRA ndi ndalama yonyamulira. Munthu amene ali ndi galimoto yotere ayenera kukhala ndi thumba lapadera la zokonzera lisanamugwere tsoka, ndipo K234,000 ija imene mukanamapereka kubanki ndi imene ingadzaze thumbalo. Itsegulireni akaunti yakeyake, yopanda khadi loyenda nalo m'thumba, ndipo muziikamo ndalamayo tsiku lomwe mwalandira.

Pa zinthu zinayi zimene mukufunazo, kusintha pulogalamu ya injini ndi kumene kumapereka mphamvu zambiri pa ndalama zochepa, chifukwa injini ya turbo imangouzidwa kuti ikankhe mpweya wochuluka, ndipo ochita ntchitoyi amalonjeza 180 kW kapena kuposerapo popanda kusintha chitsulo chilichonse. Koma walira mvula walira matope. Mphamvu yoonjezerayo imadutsa m'makoyilo, mu turbo ndi m'makalachi omwewo amene ayenda kale makilomita 128,000, ndipo DSG imeneyi inapangidwira malire a 350 Nm, amene mapulogalamu ambiri amawafika kapena kuwadutsa. Nkhani ina ndi ya petulo. Mapulogalamu ambiri ochokera ku Ulaya amalembedwera petulo wa octane 98 (nambala yoonetsa mmene petulo amapiririra kugogoda mu injini) ndipo a ku South Africa amalembedwera wa 95, pamene kuno pampu imagulitsa petulo wamtundu umodzi, wosakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo mafuta akasowa anthu amathira wa m'zigubu amene palibe angamuchitire umboni. Injini imene yauzidwa kuti iziyembekezera petulo wapamwamba ikapatsidwa wotsika imagogoda, kompyuta imabweza mphamvu ija mmbuyo kuti idziteteze, ndipo pamene yalephera kudziteteza amavulala ndi mapisitoni. Ngati mudzafike poti musinthe pulogalamuyo, zonse ndatchula pamwambazi zikhale zitakonzedwa, ndalama ikhale yanuyanu, wochita ntchitoyo alembe pulogalamu yofatsa yogwirizana ndi petulo wathu, ndipo akupatseni pulogalamu yoyambirira kuti muisunge. Mafayilo aulere a pa intaneti musawayandikire.

Malimu a mainchesi 19 ndi kutsitsa galimoto ndikukanizani kotheratu. GTI inatsitsidwa kale kufakitale poyerekeza ndi Golf wamba. Tayala la 225/45 R17 lili ndi mpira wokwana mamilimita 101 pakati pa limu ndi msewu, la 225/40 R18 lili ndi 90, pamene la 225/35 R19 lili ndi 79 okha. Mpira umenewo ndi umene umalandira nkhonya ya dzenje nthawi ya dzinja, ndipo ukachepa tayala limatupa m'mbali, limu limapindika, mabushi ndi mashoko amatha msanga. Matayala a saizi imeneyo ndi odula ndiponso osowa, moti likaphulika muli ku Kasungu kapena ku Ntcheu mudzagona komweko. Galimoto yotsika imakhulanso mimba pa hampu iliyonse ya m'tauni, ndipo pansi pakepo ndi pamene pali sampu ya oyilo. Ndikanakhala inu ndikanakhala pa mainchesi 17 n'kugula matayala abwino kwambiri amene thumba lingakwanitse, pamodzi ndi mapadi abwino ndi mafuta a mabuleki a DOT 4 osinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Kusintha kumeneku mudzakumva pachiwongolero tsiku lililonse. Za ekizozi sinditaya nthawi: ya kumapeto imangoonjezera phokoso, ndipo kuchotsa catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi) kumayatsa nyale ya injini, kumanunkhitsa utsi, komanso kumakulandani chipangizo chimene muli zitsulo zodula monga platinum ndi palladium. Makaniko akadzakuuzani kuti angokutayirani chipangizocho, mudzakane.

Pali chinthu china chimene achinyamata ambiri amachiiwala, ndicho inshuwalansi. Pangano la inshuwalansi limadalira kuti mwauza kampani zoona zokhudza chinthu chimene ikuteteza. Mukaonjezera mphamvu za injini kapena kusintha miyendo ya galimoto osawauza, pa tsiku la ngozi woyeza wawo akapeza zimenezo kampani ikhoza kukana kulipira, ndipo inu mudzatsala ndi galimoto yophwanyika pamodzi ndi ngongole ya kubanki. Musanasinthe kanthu alembereni kalata, ndipo yankho lawo likhalenso lolembedwa. Akakweza ndalama yolipira pachaka, ndalamayo muiwerengere pa mtengo wa kusinthako.

Kukonza nokha pitirizani, chifukwa ndi kumene kukukupulumutsirani ndalama zenizeni, koma dziwani malire ake. Oyilo wa injini akhale wolembedwa VW 502 00 kapena 504 00 pachigubu, wogulidwa kwa wogulitsa wodalirika, chifukwa oyilo ndi mafyuluta achinyengo alipo pamsika ndipo turbo siikhululuka. Ndi fumbi lathuli ndi bwino kusintha oyilo galimoto isanadutse makilomita 10,000 ndi kuyang'ana fyuluta ya mpweya pafupipafupi. Gulani zoimikira galimoto zachitsulo, ndipo musalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Gulaninso sipanala yoyeza kulimba kwa mabawuti. A matayala a Golf amamangidwa pa 120 Nm. Tcheni cha injini musachigwire nokha, popeza chimafuna zida zapadera zotsekera injini pamalo pake ndipo kuphonya dzino limodzi n'kokwanira kuononga zonse. Oyilo wa DSG mukhoza kusintha pokhapokha muli ndi chida chothirira ndiponso makina oonetsa kutentha kwake, chifukwa mlingo wake umayezedwa oyiloyo ali pakati pa madigiri 35 ndi 45.

Makina amenewo ndi amene akutifikitsa ku bizinesi imene anzanu akunena. M'maganizo awo muli nzeru, kungoti aigwira kumchira. Kumanga malimu ndi maekizozi pa galimoto yanu si mpamba, chifukwa sizibweretsa khobidi. Mpamba ndi chida chowerengera kompyuta ya galimoto, monga VCDS ya kampani ya Ross-Tech kapena OBDeleven, chimene chimawerenga zolakwika za Volkswagen, Audi, Skoda ndi SEAT mozama kuposa timakina wamba, ndipo mtengo wake ndi kachigawo chabe ka K4,000,000 ija. Mu Lilongwe muli ma Polo, ma Golf ndi ma Audi ambiri amene eni ake amasinthitsa zipangizo mongoyerekeza, lero koyilo, mawa pampu, vuto lili pomwepo. Munthu amene angawauze chimene chavuta asanagule sipeya akhoza kulipidwa, ndipo akhozanso kulipidwa poyeza galimoto imene wina akufuna kugula. Gulani chida chenicheni osati chokopera, phunzirani pa galimoto yanu, kenako yambani ndi ntchito zimene mukuzidziwa kale: kuwerenga zolakwika, kusintha oyilo, mapulagi ndi mabuleki.

Muike mtengo kuyambira pa galimoto yoyamba, ngakhale ikhale ya mnzanu wa pamtima, chifukwa amene mwamuzoloweza zaulere sadzalipiranso. Masipeya azigula mwini galimoto kapena azipereka ndalama yake ntchito isanayambe, kuti mpamba wanu usathere m'ngongole za anthu. Muzilemba m'kabuku tsiku, nambala ya galimoto, makilomita, zimene mwapeza ndi zimene mwachita, ndipo mwini wake azisayina, popeza galimoto ikadzavuta pakapita sabata amene adzatchulidwe ndi amene anaigwira komaliza. Pa chifukwa chomwecho musamasinthe mapulogalamu a injini za anthu: injini imodzi ikafa m'manja mwanu idzadya phindu la chaka chonse. Ntchito ikayamba kubwera mokhazikika, lembetsani dzina la bizinesi, tengani TPIN (nambala ya wolipira msonkho) ku MRA, ndipo ndalama zake zisamasakanikirane ndi za pakhomo kapena za thumba la galimoto lija.

Zonsezi mukambirane ndi mayi a kunyumba musanayambe, chifukwa K234,000 pamwezi ndi ndalama ya banja, kaya ikupita kubanki kaya kuthumba la galimoto, ndipo ayenera kudziwa kuti ikuchoka pati ndiponso kuti idzasiya liti kuchoka. Ku banki kayankheni kuti mwasintha maganizo. Sabata ino pezani makaniko wodziwa injini za TSI kuti aone kachipangizo kokunga tcheni, ndipo mumufunse mtengo wa ntchitoyo pamodzi ndi wa oyilo ndi fyuluta ya DSG, kuti mudziwe ndalama yoyamba imene thumba lanu liyenera kufikapo.