Geni ya mtedza wodutsa pa Mwami: mapepala, matumba ndi chuku

Achemwali, mwati muli ndi kampamba kanu ndipo mukufuna kumagula mtedza ku Kasungu n'kumakagulitsa ku Zambia. Mwafunsa za mapepala ofunika pa chipata komanso ngati phindu lilipo. Ine ndayenda ndi matumba pa Mchinji zaka zambiri, kuyambira nthawi imene tinkaima kawiri, kuno kwathu kenako tsidya linalo. Phindu lilipo ndithu, koma limagona pa chinthu chimodzi chimene simunachitchule m'funso lanu, chomwe ndi chuku. Ndiyamba ndi mapepalawo poti ndi achidule.

Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo pali ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono yotchedwa STR. Ngati katundu wanu saposa madola 2,000 a ku America pa ulendo umodzi, ndipo ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, mumadzaza fomu yachidule pa chipata pomwepo, n'kupatsidwa kapepala kotsimikiza kuti katunduyo ndi wochokera m'dziko muno. Pa chipata pamakhala desiki yothandiza amalonda, ndipo ndi pamene muyenera kuyambira kufunsa musanagule ngakhale ndowa imodzi. Kuyambira Disembala 2022, pamene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, mumangoima kamodzi. Koma STR siichotsa malamulo a zaumoyo wa mbewu. Mufunikabe chiphaso cha a zaulimi chonena kuti mbewu yanu ilibe tizilombo ndi matenda, chilolezo cha unduna wa zamalonda chotulutsira mbewu kunja, ndiponso chilolezo cha ku Zambia cholowetsera. Malamulo otulutsa mbewu amasinthasintha malinga ndi mmene zokolola zakhalira chaka chimenecho, choncho zimene anakuuzani anzanu chaka chatha muzifunsenso. Njira zam'tchire musayese n'komwe. Akakugwirani mumataya katundu yense.

Tsopano ku mtedza weniweniwo. Ogula a ku Lusaka ali mitundu iwiri. Pali amayi ndi abambo a pa Soweto Market amene amayang'ana ndi maso, kutafuna njere ziwiri, n'kunena mtengo. Ndiye pali makampani opanga chiponde, amene amalipira bwino, amagula matumba ambiri nthawi imodzi, koma salandira asanayeze. Amakonda mtedza wa mtundu wa CG7, wofiira uja wamafuta ambiri, pomwe Chalimbana amamufuna okazinga chifukwa cha njere zake zazikulu. Ndalama yeniyeni ili kwa oyezawo.

Ulendo wina ndinatenga matumba 60, mtedza wooneka bwino, wofiira psuu. Ndinagula kwa mavenda atatu, mwachangu, poopa kuti mtengo ukwera. Nditafika pa kampani ina ku Lusaka, mnyamata anabaya matumba ndi chitsulo chotapira, anatenga pang'onopang'ono m'thumba lililonse, n'kulowa nazo mkati. Atatuluka anangoti, "Mayi, sititenga, aflatoxin yapitirira." Ndinalira pamenepo. Ndinakagulitsa motchipa pamsika, ndipo mpamba wanga unadyeka pafupifupi theka. Chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti mtedza umene kampani inaukana uja unakadyedwa ndi anthu. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndikugulitsa chiyani. Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunsa alangizi ndi ana a mu labotale mpaka ndinamvetsa.

Chuku chimene chimavuta pa mtedza ndi nkhungu ya m'nthaka yotchedwa Aspergillus flavus, ndi mnzake Aspergillus parasiticus. Nkhunguyi ikamadya njere imatulutsa poizoni, ndiye aflatoxin ameneyo. Alibe fungo, ndipo njere yooneka yoyera ikhoza kukhala naye. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Anamuzindikira mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kwa munthu amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akachuluka kwambiri amapha msanga: ku Kenya mu 2004, m'madera a Makueni ndi Kitui, anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Ng'ombe ikadya chakudya chotere, gawo la poizoniyo limatulukira mu mkaka.

Amamuyeza ndi mlingo wotchedwa ppb, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 1 biliyoni. Maiko a ku Ulaya salola kuposa 4 ppb pa mtedza wodya mwachindunji. Mlingo wa Codex, malamulo a zakudya amene maiko a dziko lapansi anagwirizana, pa mtedza wokakonzedwanso ndi 15 ppb, ndipo ku Kenya ndi 10. Taganizani kuchepa kwake. Njere zowerengeka zowola kwambiri zikhoza kugwetsa thumba lonse. Akuluakulu amakumbukira zaka za m'ma 1970 pamene Chalimbana wathu ankapita ku Ulaya wambirimbiri kudzera ku ADMARC. Msika umene uja unatha pa zifukwa zingapo, koma chimodzi mwa zotitsekera kubwererako ndi milingo imeneyi.

Mmene amayezera ndi nkhani imene ndimaikonda, chifukwa itandilowa m'mutu ndinasiya kuona zotsatira ngati chiweruzo cha mfumu chosafunsika. Amayamba apera mtedza, n'kuusungunula mu spiriti wa mu labotale wotchedwa methanol kuti poizoni atuluke m'ufawo. Madzi amenewo ndi amene amayezedwa. Chogwirira poizoniyo chimachokera m'thupi la nyama. Thupi la kalulu kapena mbewa likalowedwa ndi chinthu chachilendo limapanga zodzitetezera zotchedwa ma antibody, zimene zimagwira chinthu chokhacho basi, ngati loko ndi kiyi wake. Asayansi amamangirira aflatoxin ku puloteni, n'kubaya nyamayo pang'ono, ndipo thupi lake limapanga ma antibody ogwira aflatoxin. Mu 1975 ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yolumikiza selo (kachidutswa kakang'onong'ono ka thupi) la mbewa lopanga antibody ndi selo la khansa limene silisiya kuswana. Selo lophatikizalo limakhala m'botolo, likudyetsedwa, n'kumatulutsa antibody wa mtundu umodzi osalekeza. Analandira nazo mphotho ya Nobel mu 1984. Zoyezera zambiri za masiku ano zimadalira maselo otere.

Komabe antibody akagwira poizoni, maso saona kanthu. Apa ndi pamene pamalowera enzyme. Inu mukuidziwa kale ngakhale dzinalo ndi lachilendo. Mukaphika phala la thobwa n'kuthiramo chimera, phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mbewu ikamamera imapanga enzyme yotchedwa amylase, imene imadula ufa kukhala shuga. Kachimera kochepa kamasintha mphika wonse, chifukwa enzyme siitha ikagwira ntchito, imangobwereza. Mu labotale amagwiritsa ntchito ina, kawirikawiri yochokera ku muzu wa chomera chotchedwa horseradish, imene imasandutsa madzi oyera kukhala a buluu. Njira imeneyi imatchedwa ELISA, ndipo Eva Engvall ndi Peter Perlmann anaifalitsa ku Stockholm mu 1971. Pakambale ka timaenje 96 amaikapo ma antibody, kenako madzi a mtedza wanu pamodzi ndi aflatoxin wawo amene amumangirira enzyme. Awiriwa amalimbirana malo. Ngati mtedza wanu ndi woyera, malo onse amatengedwa ndi wa enzyme uja ndipo mtundu umatuluka wowirira. Ngati mtedza wanu wadzaza poizoni, ndiye walanda malowo, mtundu umatuluka wofooka. Makina amawerenga kuwirira kwa mtunduwo n'kupereka nambala. A bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT, amene ali ndi malo awo ku Chitedze, anakonza ELISA yotsika mtengo yoyezera mtedza, ndipo inathandiza alimi a NASFAM kusankha mtedza wotumiza kunja.

Palinso timapepala toyezera msanga, tofanana ndi kachipangizo koyezera malungo kuchipatala. Apa chenjerani, chifukwa kawerengedwe kake ndi kotembenuka. Pa malungo mizere iwiri ikutanthauza kuti matenda alipo. Pa aflatoxin mizere iwiri ikutanthauza kuti mtedza uli bwino, ndipo mzere wachiwiri ukasowa ndiye kuti poizoni wapyola mlingo wa kapepalako. Ndinaonapo mnzathu akusangalala ndi mzere umodzi. Timapepalato sitifuna kutentha, ndipo tili ndi tsiku lothera ntchito, choncho musatisiye padzuwa m'galimoto.

Koma muyeso uli wonse umangonena za mtedza umene mwapera. Poizoni sakhala wofanana m'thumba monse, amabisala mu njere zochepa. Mukatapa dzanja limodzi pamwamba pa thumba limodzi n'kukayezetsa, mwataya ndalama. Tapani m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi, sakanizani, perani zonse pamodzi. Ndipo mtedza wa mlimi aliyense muziusunga padera mpaka muyeze. Matumba anga 60 aja mwina oipa anali a venda mmodzi yekha, koma ndinali nditasakaniza.

Chuku chimayambira kumunda. Mvula ikadula mtedza ukukhwima, nthaka n'kuuma ndi kutentha, chomera chimafooka ndipo nkhungu imalowa m'makoko mtedza uli pansi pomwepo. Chiswe ndi khasu zikaboola makoko zimatsegula njira. Kukumba mochedwa, kuyanika padothi, kuunjika mtedza usanaume, zonsezi zimawonjezera. Koma chizolowezi chimene chimatipweteka kwambiri kwathu kuno ndi kuwaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, ndipo ena amatero dala kuti sikelo ilemere. Njere yonyowa ikalowa m'thumba la pulasitiki, n'kukhala masiku atatu pa lole yofunditsidwa lona padzuwa la msewu wa Great East wopita ku Lusaka, mwaimangira nkhungu nyumba. Mtedza woswa uyenera kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika pa 7 peresenti kapena kuchepera apo. Kamakina koyezera chinyezi gulani, ngakhale mosonkherana ndi anzanu. Pamene palibe, lumani njere: youma imathyoka kuti tswa, khungu lake limasupuka mukaifikisa ndi zala, pomwe yonyowa imanyung'unyika m'mano. Ine masiku ano ndimakonda kugula wa makoko n'kukaswetsa ndekha osathira madzi. Ndi ntchito yambiri, ndipo mayendedwe amadula poti makoko amadya malo, koma khoko losaboka ndi chitetezo chabwino kuposa thumba lililonse. Ndikaswa ndimalemba amayi aganyu osankha ndi manja, kuchotsa njere zonyala, zosweka, zakuda ndi zoboola. Kusankhaku kumatsitsa poizoni kwambiri. Matumba ndimawasanja pamitengo, osakhudza pansi kapena khoma.

Palinso kafukufuku wothana ndi chuku pogwiritsa ntchito chuku chinzake. Si Aspergillus flavus yense amene amapanga poizoni, pali mitundu ina yosapanga. Peter Cotty wa ku unduna wa zaulimi ku America anayamba kuyesa izi m'minda ya thonje ku Arizona, ndipo a bungwe lofufuza zaulimi la IITA ku Ibadan, ku Nigeria, anagwira naye ntchito n'kupanga mankhwala otchedwa Aflasafe. Amatola nkhungu m'nthaka ya dziko lomwelo, amasankha mitundu inayi yopanda poizoni, n'kuipaka pa njere za mapira zimene aziotcha kuti zisamere, n'kuzipaka utoto wa buluu kuti munthu asaziyese chakudya. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, kapena 4 pa ekala, nthaka ili yonyowa, pa nthawi yolembedwa pa paketi. Nkhungu yabwinoyo imamera pa mapirawo, imafalikira, n'kulanda malo yoipa ija isanafike. Pa kuyesa m'maiko angapo poizoni ankatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anapeza mitundu ya m'nthaka ya konkuno. Vuto ndi lakuti mlimi sagula mankhwalawa ngati venda amulipira mtengo womwewo ndi mnzake amene wawaza madzi. Ndiye ngati mukufuna mtedza wodutsa pa muyeso, pezani kalabu imodzi ya alimi, mugwirizane nawo mvula isanagwe, muwalonjeze kuwonjezera pamtengo akayanika bwino, ndipo lonjezolo mulisunge ngakhale msika utagwa.

Zotsala posankha ndi zimene zimandivutitsa mumtima. Amayi osankha amapempha kuti akasinje nsinjiro zotendera ndiwo ndi phala la ana, pomwe poizoni wambiri wasonkhana m'menemo. Kafukufuku wapeza kuti ana odya aflatoxin pafupipafupi amakonda kukwinimbira. Ine ndinasiya kuwapatsa. Ndimawalipira ndalama ndi kambale ka mtedza wabwino, ndipo njere zowola ndimazikwirira, osapatsa nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka. Zimenezi muziwerengere ngati gawo la zolowa, pamodzi ndi mayendedwe, onyamula, malo ogona ku Lusaka ndi kusintha ndalama, kumene muzikachitira ku banki kapena ku malo ovomerezeka, osati kwa anyamata a pamsewu.

Ulendo woyamba musapyole matumba 10 kapena 15. Muimbire wogula musananyamuke, mumufunse mlingo wa ppb umene amalandira, chinyezi chimene amafuna, komanso ngati amalipira tsiku lomwelo. Mukayezetse kuno, ku Malawi Bureau of Standards kapena ku labotale ya ku Chitedze, ndipo pepala la zotsatira mulinyamule pamodzi ndi ziphaso zina zija. Wogula adzayezabe yekha. Akadzabaya matumba anu mupemphe kuti akugawireni theka la zimene watapazo, muzimange bwino m'kathumba kouma, kuti mukasemphana pa zotsatira mukhale ndi chokayezetsa kwina.