Musanatenge nkhuku zopulumutsidwa ku mafamu a mazira

Mayi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kutenga nkhuku zoikira mazira zimene mafamu a kuno ku England athana nazo, n'kumazisunga kuseri kwa nyumba, ndipo mwanena kuti nkhuku si zachilendo kwa inu popeza munakula nazo kumudzi. Ine ndikukulimbikitsani kuti muzitenge, koma musaziyese nkhuku zachikuda zija zimene zimadzipalasira zokha chakudya n'kulowa m'khola dzuwa likapendeka. Izi ndi nkhuku zotopa. Mafamu amazichotsa zikafika masabata pafupifupi 72, pamene mazira ayamba kuchepa, ndipo zikadapanda kupeza mwini zikadaphedwa. Zimene zachokera m'makeji sizinapondepo dothi chibadwire.

Njira yodalirika ndi kudzera ku bungwe la British Hen Welfare Trust, limene Jane Howorth anakhazikitsa mu 2005 ndipo lapezera mabanja nkhuku zoposa miliyoni imodzi. Mumalembetsa pa intaneti, mumapereka kangachepe kothandizira ntchito yawo, kenako mumakazitenga pa tsiku ndi malo amene akuuzani. Yambani ndi zitatu, chifukwa nkhuku siikhala bwino yokha, ndipo imodzi ikafa ziwiri zotsalazo zimakhalabe ndi mnzake. Tambala musamufune: misoti imaikira popanda iye, ndipo kulira kwake m'bandakucha kungakuyambanitseni ndi anansi mpaka nkhani kufika ku khonsolo.

Musanalembetse, onani ngati pangano la nyumba yanu limalola ziweto zotere, makamaka ngati mukuchita lendi. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 October 2024 aliyense woweta nkhuku ku England ndi ku Wales, ngakhale ikhale imodzi, ayenera kulembetsa ku APHA, nthambi ya boma yoona za matenda a ziweto. Chifukwa chake ndi chimfine cha mbalame, chimene chikabuka boma limatha kulamula kuti nkhuku zonse zitsekeredwe kuti zisakumane ndi mbalame zakutchire. N'chifukwa chake ndibwino kuti bwalo la khola lanu likhale ndi denga kuyambira pachiyambi.

Pa khola m'pamene ndikupempha kuti musaumire ndalama. Mdani wamkulu kuno ndi nkhandwe, imene imayenda m'matauni ngakhale masana, imakumba pansi pa mpanda, imakwera pamwamba, ndipo ikalowa kawirikawiri siisiya ndi imodzi yomwe. Waya wopyapyala uja imatha kuung'amba, choncho gulani wolimba wowotcherera, muukwirire pansi kapena muuyale kunja mozungulira mpanda masentimita osachepera 30, ndipo chitseko chizitsekedwa madzulo aliwonse osaphonya. M'kati muikemo chisa chofewa pamalo amdima ndi mtengo wogonapo wotsika kwambiri, popeza miyendo yawo imakhala yofooka ndipo ikhoza kuvulala podumpha.

Tsiku lokazitenga mtima wanu udzawawa. Zina zimabwera ndi khosi ndi msana zopanda nthenga, kanyama ka pamutu kali kotuwa ndi kolendewera, ndipo zimangoima pamodzimodzi osadziwa chochita ndi malo aakulu. Zimenezi zokha sizitanthauza kuti zikudwala. Kanyama kaja kamafiira pakapita masabata ochepa, nthenga nazo zimamera m'miyezi ingapo, koma pa masiku oyambirira muyenera kuzinyamula nokha kukazilowetsa m'khola kukada, komanso kuzithamangitsira pansi pa denga mvula ikayamba, chifukwa sizinaphunzirepo kubisala. Zidzajomphana pofuna kudziwa wamkulu ndani. Ikani zodyeramo ndi zomweramo ziwiri motalikirana kuti yofooka isamanidwe, ndipo imene yatuluka magazi muipatule mpaka bala litauma, poti zinzake zikaona kufiira zimapitiriza kujompha.

Pa chakudya pali lamulo limene ife ozolowera kutayira nkhuku mkute tiyenera kulisamala. Kuno n'koletsedwa kupatsa nkhuku zotsala za kukhitchini kumene kumaphikidwa nyama kapena za mkaka, lamulo limene linakhwima pambuyo pa mliri wa ziweto wa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi mu 2001. Zipatseni chakudya chogula cha nkhuku zoikira mazira, chaufa (layers mash) kapena cha timibulu (layers pellets), pafupifupi magalamu 120 pa nkhuku iliyonse patsiku, muyambe ndi mash chifukwa ndi amene zinazolowera ku famu. Onjezerani timiyala tothandiza kugaya chakudya ndi zigoba za nkhono zophwanya kuti chigoba cha dzira chizilimba. Chimanga chikhale chapang'ono madzulo basi, ndipo m'nyengo yachisanu muziona m'mawa ngati madzi sanaundane.

M'chilimwe muzifufuza utitiri wofiira umene umabisala m'ming'alu ya matabwa masana n'kumayamwa magazi usiku. Pukutani kunsi kwa mtengo wogonapo ndi kapepala koyera, ndipo mukaona timadontho tofiira yeretsani khola lonse tsiku lomwelo.

Za mazira, mudzatola ndithu, mwina atatu kapena anayi pa sabata kuchokera ku nkhuku iliyonse poyamba, koma adzanka nachepa ndipo sadzabweza ndalama ya khola. Matupi awo anagwira ntchito yopyola muyeso, motero zina zimadwala matenda a m'njira ya mazira n'kufa chaka chisanathe, pamene zina zimakhala zaka zingapo. Funsiranitu dokotala wa ziweto wa m'dera lanu ngati amaona nkhuku, chifukwa si onse amene amatero, ndipo musunge nambala yake nkhukuzo zisanafike.