Altimeter siigulidwa ngati sipeya ya thirakitala

Achimwene, uthenga wanu ndauona. Mwati mukumanga kandege ka anthu awiri kwanu ku Thyolo, mukufuna altimeter (chipangizo chosonyeza kuti ndege yakwera m'mwamba bwanji) yovomerezeka yoti muzidalira mukalowa m'mitambo, ndiye mukufunsa kuti ife opita ku Joni timayenda nacho bwanji chinthu chotere. Ine sindiyendetsa ndege. Geni yanga ndi masipeya a makina a tiyi ndi mapampu, ndipo ndimakhala pa Limbuli. Koma ma altimeter ndanyamulapo awiri, ndipo yoyamba ija inandidyera ndalama.

Ndinaigula kwa munthu wina wogulitsa zipangizo zakale. Inali yooneka bwino, galasi losakalika, timivi titatu tonse tikuyenda, ndi pepala lake lochitira umboni kuti ndi yovomerezeka anandipatsa. Nditafika nayo kuno, amene anandituma sanayang'ane n'komwe kumaso kwake. Anaitembenuza, n'kuwerenga nambala ya pa kachitsulo ka kumbuyo, n'kuyang'ana papepala. Manambala awiri omaliza sankafanana. Pepala linali la chipangizo china. Mpaka lero ili pa kabati kwathu, ana amaiyesa wotchi yakufa.

Ndiye dziwani kuti theka la ndalama zanu mukugula pepala. Ngati chipangizocho chachokera ku America, pepalalo ndi FAA Form 8130-3. Ngati ndi cha ku Ulaya, ndi EASA Form 1. Pa kachitsulo kaja pazikhala polembedwa TSO-C10b, kusonyeza kuti inapangidwa motsatira muyezo wovomerezeka. Yodziwika kwambiri ndi ya United Instruments, ya ku Wichita, mtundu wa 5934. Ndisanalipire ndimajambula kachitsuloko ndi pepala pamodzi, n'kukutumizirani pa WhatsApp, inu munene kuti eya. Musananene, chikwama sinditsegula.

Mudzamva ena akuti ndege yomanga wekha siifuna chipangizo cha TSO. Amenewo akunena lamulo la ku America, ndipo ngakhale komweko, woulukira m'mitambo m'njira zolamulidwa ndi oongolera ndege amayenera kuyezetsa altimeter ndi mapaipi ake a mpweya pa miyezi 24 iliyonse. Ndege yanuyo ikhala ndi nambala ya ku Malawi yoyamba ndi 7Q, ndiye mawu omaliza ali ndi akuluakulu oona za ndege kuno ku Malawi. Afunseni, akuyankheni polemba, kenako nditumeni. Makamaka afunseni ngati ndege yomanga nokha angailole kuuluka m'mitambo, chifukwa akakana, ndalama zochulukazo mwangotaya.

Pali kanthu kena kamene ogula pa intaneti amagwa nako. Kumaso kwa altimeter kuli kawindo kakang'ono kamene mumaikapo mphamvu ya mpweya ya tsikulo potembenuza kachitsulo ka pakona. Zambiri za ku America zimalemba mainchesi, 29.92, pamene ku Chileka amakuuzani m'ma hectopascal, 1013. Pezani ya hectopascal kapena yokhala ndi zonse ziwiri. Mukaphonya ndi hectopascal imodzi mwaphonya ndi mafiti pafupifupi 30. Mukaphonya ndi 10, ndi mafiti 300. Inu ndi ine tikuchidziwa chiperoni. Mu June chikatsika, munthu ali pa Chitakale saliona phiri lonse lija, chonsecho Sapitwa ali pomwepo ndi mamita ake 3,002. Sindikufuna muzikachita masamu osintha mainchesi muli m'kati mwa nkhungu imeneyo.

Kogula ndi kumashopu ndi malo okonzera zipangizo amene ali m'mabwalo a ndege ang'onoang'ono, monga Rand ku Germiston, Lanseria ndi Wonderboom ku Pretoria. Yakale yokonzedwanso siyoipa, bola yayezedwa posachedwa ndipo pepala lili ndi tsiku.

Za ndalama: chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sinditchulanso mtengo m'makwacha. Timagwirizana m'ma rand, mumalipira zonse ndisananyamuke, chifukwa katundu ameneyu mukamukana ndilibe kwina komugulitsa. Lisiti likhale tax invoice yeniyeni, kuti VAT ya ku South Africa ya 15 peresenti tiyese kuibweza pa Beitbridge. Pa Mwanza ndimauza a MRA chilungamo, ndipo ejenti amailowetsa m'gulu la 9014, la zipangizo zoongolera ulendo. Zochepetsa mtengo palisiti musandipemphe. Chinthu chokhala ndi nambala yakeyake sichibisika ngati bulangeti.

Kunyamula ndiye ntchito yeniyeni imene mukundilipirira. M'kati mwake muli timabokosi ta chitsulo chopyapyala timene timafufuma ndi kuphwa mpweya ukamasintha, ndi timagiya tonga ta wotchi. Simungaipereke kwa matransipota kuti aiponye m'ngolo pansi pa mafiriji. Yachiwiri ija ndinaikulunga ndi siponji, kuiika m'bokosi lake, bokosi m'chikwama, chikwama pamiyendo, kuchokera pa Park Station, kudutsa Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Blantyre. Mayi amene tinakhala limodzi anandifunsa ngati ndanyamula mazira. Pa boda ina wofufuza katundu anaona kabowo ka kumbuyo, n'kuyamba kukonza milomo kuti auziremo. Ndinamugwira dzanja. Mpweya wa pakamwa ukhoza kuononga timabokosi tija, ndipo kunja sizionekera.

Ikafika, udindo wanga watha, wanu wayamba. Pepala lija likuchitira umboni chipangizo chokha, osati mapaipi amene mwalumikiza inu, ndiye katswiri ayeze zonse pamodzi pandegepo.

Nditumizireni chithunzi cha bowo loikamo altimeter la pa panelo ya kutsogolo kwa woyendetsa, muyeze ngati ndi la mainchesi 3⅛, ndi yankho la akuluakulu aja. Ndikunyamuka mwezi ukatha, ndipo chikwama cha pamiyendo chimakwana katundu wa munthu mmodzi yekha.